Norman Carr, mlenje amene anateteza nyama za mu Luangwa

Alimi a kuno ku Feira adziwa cisoni ca kudzuka m'mawa ndi kupeza njovu zatha cimanga m'munda. Ena akakwiya amati zonse ziphedwe. Kumaiko a azungu kuli mabungwe amene amati kupha nyama ya m'thengo n'kulakwa nthawi zonse, ndipo amaona aliyense wotsutsa ngati mdani wa nyama. Moyo wa a Norman Carr uonetsa njira ina.

A Carr anabadwa mu 1912 ku Chinde m'dziko la Mozambique, pamene Zambezi athira m'nyanja yaikulu. Boma la atsamunda linawapatsa nchito yoombera njovu zoononga minda m'cigwa ca Luangwa. Pa nchitoyi anaona ndi maso ao njala imene njovu zimasiya m'mudzi, ndiponso kuti nyama zingathe ngati anthu sapindula nazo.

Mu 1950 anakambirana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda, ndipo mfumuyo inapatula malo osungiramo nyama. Alendo anayamba kubwera kudzaziona, ndipo ndalama zimene analipira zinali kupita kwa eni dziko. Pambuyo pake a Carr anayambitsa maulendo oonera nyama poyenda pansi. Analeranso ana a mkango awiri amasiye, Big Boy ndi Little Boy, mpaka kuwabwezera kuthengo, nkhani imene analemba m'buku la Return to the Wild mu 1962.

Komabe iwo sanatembenukire alenje anzao. Kwa zaka zambiri anatsogolera alendo osaka mwa lamulo. Cimene anadana naco ndi kupha nyama mobisa, ndipo mu 1979 anathandiza kukhazikitsa bungwe la Save the Rhino Trust. Nkhondoyo anaigonja: zipembere zinatha m'cigwa, mpaka pamene zina zinabweretsedwa ku North Luangwa mu 2003.

Atakalamba anakhala ku Kapani pafupi ndi Mfuwe, akulipirira ana a m'midzi sukulu. Anthu anawacha Kakuli, njati yamphongo yokalamba. Anamwalira mu 1997.

A Carr anakonda nyama, koma anamvera mfumu, mlimi ndi mlenje. Ife tikakumana pa bwalo la mfumu kapena pa parishi kukamba za njovu, wolirira munda wake amvedwe, ndipo wofuna kuti zidzukulu zake zidzaone njovu nayenso apatsidwe mpata wolankhula.