Woyera wa Sabata Ino: Yosefe wa ku Cupertino (18 September)

Yosefe Desa adabadwa pa 17 June 1603 m'mudzi wa Copertino, kumwera kwa dziko la Italy. Bambo ake, a Felice Desa, anali mmisiri wa matabwa ndipo adamwalira iye asanabadwe, nasiya ngongole zambiri. Eni ngongolezo adalanda nyumba, motero mayi ake, a Francesca, adachirira m'khola.

Ubwana wa Yosefe unali wovuta. Maganizo ake sankakhazikika pamodzi. Ankaiwala zimene wamutuma, nthawi zina n'kungoima kukamwa kuli yasa, mpaka anzake a kusukulu adamupatsa dzina lomunyoza loti Woyasama. Analinso wa mtima wapachala, ndipo mayi ake ankamulanga kolimba. Adamupititsa kokaphunzira kusoka nsapato, koma ntchitoyo idamukanika.

Atafika zaka 17 adapempha kulowa chipani cha Afransisko, koma adamukana chifukwa chosaphunzira. Mu 1620 Akapuchini a ku Martina Franca adamulandira, koma patangotha miyezi 8 adamuchotsa poti ankaphwanya mbale ndi kuiwala ntchito. Pambuyo pake Afransisko a ku Grottella adamulola kukhala wantchito wosamalira nyulu m'khola. M'kholamo ndi momwe mtima wake udayamba kufewa. Ataona kudzichepetsa ndi kumvera kwake, akuluakulu adamulola kuphunzira zaunsembe. Maphunziro ankamuvuta kwambiri. Amasimba kuti pa mayeso ena Episkopi adamufunsa ndime imodzi yokha ya Mthenga Wabwino imene iye ankaidziwa bwino. Adadzozedwa unsembe mu 1628.

Ngakhale atakhala wansembe, mayesero sadathe. Popemphera ankakomoka ndi chikondi cha Mulungu, n'kufuula mokweza mwadzidzidzi, ndipo anthu ambiri adachitira umboni kuti ankanyamuka m'malere. Zimenezi zinkasokoneza mapemphero, choncho kwa zaka 35 sankaloledwa kupemphera kapena kudya pamodzi ndi abale anzake, ngakhalenso kuchita Misa pagulu. Mu 1638 adamuitanira ku bwalo la Mpingo ku Naples, koma sadamupeze wolakwa. Adamusamutsira ku Assisi, kenaka ku nyumba zakutali, mpaka ku Osimo. Munthu uja anali wosachedwa kupsa mtima adapirira zonsezi osabwezera mawu. Adamwalira pa 18 September 1663, ndipo Papa Clement XIII adamulengeza kukhala woyera mu 1767. Ndi nkhoswe ya ana a sukulu olemba mayeso.

Akhristu anzanga, ana onga Yosefe tili nawo m'nyumba zathu, ku Tilitonse ndi m'sukulu za ku Mponela, Dowa ndi Ntchisi. Wina amadula akulu pakamwa, amayankhula mokuwa m'tchalitchi, kapena amatulutsa mawu asanaganize. Ife timafulumira kunena kuti ndi wamwano, makolo ake sadamulere, kapenanso walodzedwa. Komatu kwa ana ena ndi vuto limene madokotala amalitcha ADHD: ubongo umachedwa kugwira lilime, mawu n'kukhala atatuluka kale. Si ufiti ayi, ndipo mkwapulo suchiza.

Nanga tichite chiyani? Mwana wotere timutume chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Tigwirizane naye kachizindikiro, monga kumugwira paphewa, komukumbutsa kutsitsa mawu. Akalakwa timudzudzulire pambali, mtima utazizira, ndipo timuphunzitse kupepesa. Akadikira kuti mnzake amalize kuyankhula, timuyamikire pompopompo. Timupatse ntchito ya manja yoti aziikwanitsa, monga Yosefe adapatsidwa khola. Vuto likamasokoneza sukulu, tipite naye kuchipatala. A St John of God ku Lilongwe amathandiza pa za thanzi la m'maganizo.

Abale a ku Grottella akadamubweza Yosefe ngati ena aja, bwenzi Mpingo utataya wansembe ndi woyera. Sabata ino m'miphakati mwathu tipempherere ana otere pamodzi ndi makolo awo.

Yosefe Woyera wa ku Cupertino, mutipempherere ife.