Mbiri ya malemu Paul Ngozi, katswiri wa gitala wa ku Chibolya

Papita zaka zoposa 35 kucokera pamene dziko la Zambia linataya Paul Ngozi, mmodzi mwa oimba amene anayambitsa nyimbo za Zamrock. Anthu amene anali anyamata ndi atsikana m'zaka za m'ma 1970 tsopano ali ndi imvi, ndipo oimba ambiri amene anali kuwavinitsa anagona kale. Koma dzina la a Ngozi likali kumveka, ndipo masiku ano lafika kumaiko kumene iwo sanapondeko.

Dzina lao lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu caka ca 1949 ndipo anakulira mu komboni ya Chibolya mu mzinda wa Lusaka. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, iwo anali mnyamata wa zaka 15. Monga anzao ambiri a nthawi imeneyo, anakopeka ndi nyimbo za rock zocokera ku Britain ndi America, makamaka kalizidwe ka gitala ka Jimi Hendrix ndi magulu monga Black Sabbath ndi Deep Purple.

Atayamba kuimba m'magulu ang'onoang'ono a mu Lusaka, anakhalako kwa kanthawi mu gulu la Musi-O-Tunya, lomwe linachukira ku Nairobi m'dziko la Kenya. Pambuyo pace anakhazikitsa gulu laolao la Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali kuliza ng'oma. Dzina lakuti Ngozi linawayenera, pakuti gitala yao inali kulira mwaukali, ndipo pa nsanja nthawi zina anali kuiliza ndi mano.

Nyengo imeneyo inali yokomera oimba a m'dziko muno. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia. Lamulo limeneli linacititsa kuti pafunike nyimbo zatsopano zambiri. Makampani monga Teal Records ndi Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ku Ndola anayamba kutulutsa zimbale za magulu a acinyamata, kuphatikizapo WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family.

Mu 1976 gulu la Ngozi Family linatulutsa cimbale ca Day of Judgement, ndipo mu 1977 panabwera 45,000 Volts, cimene cinajambulidwa ku Nairobi. M'zaka zomwezo panatulukanso The Ghetto, cimbale cofotokoza moyo wa m'komboni. Cimbale ca Chrissy Zebby Tembo cochedwa My Ancestors naco cinamveka ndi gitala ya a Ngozi.

Cimene cinawasiyanitsa ndi anzao ambiri ndi anthu amene anali kuwaimbira. Oimba ena anali kuimba kwambiri m'Cingerezi, koma a Ngozi anali kusakaniza Cingerezi ndi Cinyanja ca m'tauni, cimene amai a pa msika ndi anyamata osowa nchito anali kulankhula tsiku ndi tsiku. Nkhani za m'nyimbo zao zinali za umphawi, ucidakwa, mikangano ya m'banja, makolo osasamala ana ndi imfa. Anatenga kaimbidwe kobadwira ku London ndi Birmingham nakacititsa kunena za mabvuto a ku Chibolya, Matero ndi Kanyama. Ici n'cifukwa cace anthu wamba anawatenga monga mmodzi wa iwo.

Cimwemwe ca Zamrock sicinakhalitse. Mtengo wa kopa unagwa pa msika wa dziko lonse mu 1975, ndipo m'zaka zotsatira ndalama zinayamba kusowa m'matumba a anthu. Munthu amene akubvutika kupeza unga sagula cimbale. Mu 1978 ndi 1979 asilikali a Rhodesia anacita ziwembu m'dziko muno, ndipo boma linaletsa kuyenda usiku, cinthu cimene cinapha nchito ya magulu odalira madansi. Kenaka kunabwera disco ndi makaseti ojambulidwa mwakuba, pomwe kalindula anayamba kutenga malo pa wailesi ndi m'mabala.

A Ngozi sanaleke kuimba. M'zaka za m'ma 1980 anasintha kaimbidwe kao kuti kagwirizane ndi nthawi, ndipo anapitiriza kudzudzula makhalidwe oipa m'nyimbo zimene zinakondedwa m'makomboni. Anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Nthawi imeneyo inali ya maliro ambiri pakati pa oimba, pakuti mliri wa AIDS unatenga ambiri a mbadwo wa Zamrock m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Mu mzinda wa Lusaka muli mseu wa ku Kabwata umene unapatsidwa dzina lao.

Kwa zaka zambiri zimbale zao zinali zosowa ngakhale m'dziko lao lomwe. Zina zinaonongeka m'manyumba, zina zinagulidwa ndi osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi America. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles ndi imene inatulutsanso zambiri mwa nyimbozo, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa oimba osiyanasiyana pa zimbale zochedwa Welcome to Zamrock. Mu 2022 woimba Sampa the Great analemekeza mbadwo umenewu ndi nyimbo ya Never Forget. Mu October 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anagwiritsa nchito cigawo ca Nizakupanga Ngozi, yocokera pa 45,000 Volts, mu nyimbo yace ya Noid. Cimbale cace ca Chromakopia cinakhala pa nambala 1 ku America, ndipo anthu mamiliyoni anamva Cinyanja ca ku Lusaka kwa nthawi yoyamba.

Ulemu umenewu unabwera mwini wace atagona m'manda kwa zaka 35. Mwa anzao a nthawi ija, ocepa cabe ndi amene anakhala ndi moyo kufikira kuuona. Mmodzi wa iwo ndi Emmanuel Jagari Chanda wa gulu la WITCH, amene atagwira nchito ya uphunzitsi ndi yokumba miyala ya mtengo wapatali anabwerera pa nsanja ali wacikulire, ndipo mu 2023 gulu lace linatulutsa cimbale catsopano ca Zango.

Kwa okonda nyimbo amene anaona a Ngozi ndi maso, kukumbukira kumabwera pamodzi ndi cisoni, pakuti mboni za nyengo imeneyo zikucepa caka ndi caka. Zimbale zinapulumuka, koma nkhani za m'mene nyimbozo zinapekedwera ziri m'mitu ya okalamba ocepa amene atsala. Zikapanda kulembedwa iwo akali moyo, adzukulu adzamva gitala ya ku Chibolya popanda wowauza za munthu amene anali kuiliza.