Kamuzu Banda, Mnyamata Wolangidwa Osafunsidwa

Inu akubala ndi aphunzitsi a ku Chisemphere, amene mufulumira kuthyola mkwapulo, tamverani za mwana wa kwathu kuno ku Kasungu. Kamuzu Banda anaphunzira ku Mtunthama ndi ku Chilanga. M'chaka cha 1915, polemba mayeso a uphunzitsi, anaimirira kuti apenye bwino pabolodi, pakuti anali wamfupi msinkhu. Mbusa Cullen Young anayesa kuti alikubera, namtulutsa osamfunsa kanthu. Sanamkwapule ai, komatu manyaziwo anampirikitsa m'dziko: anamuka wapansi ku Rhodesia, napitirira ku Joni ndi ku America, kumene anakhala dotolo mu 1937. Kwao anabwerako mu 1958. Polamulira Malawi, tisabise, iyenso anatsekera ambiri m'ndende osawazenga mlandu. Anamwalira ku Johannesburg mu 1997.