Dr Malekebu anabwerera kwawo

Ndikaona achinyamata akuphunzira unamwino pa Holy Family kuno ku Phalombe, m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndimakumbukira Dr Daniel Sharpe Malekebu a ku Chiradzulu, Mmalawi woyamba kukhala dotolo.

Iwowa anayambira sukulu pa mishoni ya John Chilembwe ku Mbombwe. Akadali mnyamata anatsatira mphunzitsi wawo Emma DeLaney ku America, ndipo mu 1917 anatsiriza udotolo ku Meharry. Akanafuna akanakhala konko n'kumadya zonona, koma mtima unali kumudzi. Atsamunda, pokumbukira nkhondo ya 1915, anawabweza, iwo n'kukadikirira ku South Africa ndi Liberia. Ataloledwa mu 1926 anatsegulanso PIM, n'kutumikira anthu zaka zambirimbiri. Anamwalira mu 1978.

Abale anga, namwino wothawira ku Mangalande ine sindimunena. Nayenso ali ndi ana. Paja boma litakweza malipiro a azaumoyo ndi 52 peresenti mu 2005, ochoka anachepa. A Malekebu anawatsekera pakhomo ndi atsamunda. Nanga ana athuwa, tiwathamangitse tokha ndi malipiro ochepa komanso nyumba zodontha?