Clements Kadalie, mnyamata wa ku Chifira amene anagwedeza Joni

Agogo anga aamuna anakhala zaka zambiri ku mgodi wa kopa ku Kitwe, m'dziko la Zambia. Atabwerera kuno ku Chintheche anabwera ndi thiranki ya chitsulo, wailesi, jekete lakuda la pa Sabata, komanso chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Madzulo tikamadya kondowole wa usipa pakhonde, nkhani zawo zinali za pansi pa mgodi basi: mdima, fumbi, makapitawo aukali, ndi mzere wolandirira chakudya ku komboni. Mkati mwa nkhanizo munkatuluka dzina la Kadalie. Ine ndinkayesa kuti anali mnzawo wa ku Kitwe komweko. Ndinadzadziwa nditakula kuti sanaonanepo n'komwe, ndipo munthuyo kwawo n'kuno, pafupi ndi Bandawe pamene timadutsa tsiku lililonse pa msewu wa M5.

Clements Kadalie anabadwa mu Epulo 1896 m'mudzi wa Chifira, ndipo anali mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Anayamba sukulu ku mishoni ya Bandawe, kenako anakwera phiri kupita ku Livingstonia komwe anaphunzira uphunzitsi. Anaphunzitsako pang'ono, koma mu 1915 ananyamuka wapansi kukasaka ntchito kunja. Panthawiyo zimenezi sizinali zachilendo. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, pamene chinangwa ndi nsomba sizinkabweretsa ndalama yokwanira. Anyamata achitonga odziwa kulemba ndi kuwerenga ankalembedwa ukalaliki m'migodi ndi m'maofesi a maiko oyandikana nafe. Ena sanabwererenso, ndi aja timawatcha matchona.

Kadalie anadutsira ku Mozambique n'kulowa ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko anakhala kalaliki ku mgodi wa golide wa Shamva, komanso ku Falcon, mgodi wa ku Mvuma umene unkakumba kopa ndi golide. Kalaliki sanali kulowa pansi, koma ankaona zonse: malipiro ochepa a munthu wakuda, zilango, ndi moyo wothithikana wa m'komboni. Sanakhazikike. Mu 1918 anafika ku Cape Town.

Mu Januwale 1919, mothandizana ndi mzungu wina wandale, A.F. Batty, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la Industrial and Commercial Workers' Union, limene aliyense ankangoliti ICU. Linayamba ndi anthu 24 okha, ambiri a iwo onyamula katundu padoko. Mu Disembala chaka chomwecho ogwira ntchito padokopo ananyanyala ntchito kwa milungu iwiri, ndipo chaka chotsatira malipiro awo anakwera. Boma linaona kuti mlendo uyu avuta, mu 1920 linalamula kuti abwezedwe kwawo ku Nyasaland. Lamulolo linadzachotsedwa, iye n'kukhalabe. Tangoganizani, mnyamata wa zaka 24, wa dziko la eni, akukokana ndi boma la azungu.

Kuchokera padoko, ICU inafalikira m'matauni ndi m'mafamu. Inali ndi nyuzipepala yake, The Workers' Herald. Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, chinthu chimene anthu akuda a ku South Africa anali asanachionepo pa nkhani za ntchito. Chaka chomwecho Kadalie anapita ku Geneva ndi ku Britain kukafotokoza mavuto a antchito akuda. Mnzake wa ku Nyasaland, Robert Sambo, anayesa kudzala ICU ku Bulawayo, koma boma la kumeneko linamuthamangitsa mu 1927.

Sindikufuna ndikunamizeni kuti anali mngelo ayi. Mu 1926 anachotsa m'bungwemo a chipani cha Communist, amene ena mwa iwo anali akhama pantchito. Panabuka madandaulo pa kayendetsedwe ka ndalama za mamembala. Anakangana ndi A.W.G. Champion, mtsogoleri wa nthambi yaikulu ya ku Natal, ndipo mu 1928 nthambiyo inapatuka. Mu 1929 Kadalie yemwe anatula pansi udindo n'kuyambitsa Independent ICU. Mu 1930 anatsogolera sitiraka ina ku East London ndipo anamangidwa. Anakhala mumzinda umenewo, mphamvu zake zikunka zichepa, mpaka imfa yake pa 28 Novembala 1951. Buku la moyo wake, My Life and the ICU, linatuluka mu 1970, mwini wake atagona kale.

Nanga agogo anga ku Kitwe analidziwa bwanji dzinali? Abale athu anali mbwee m'matauni a kopa, ndipo mbiri inkayenda ndi makalata komanso ndi anthu obwera kutchuthi. M'bale wake wa Kadalie, Ernest Alexander Muwamba, anali kalaliki ku Northern Rhodesia, ndipo mu 1930 anathandiza kuyambitsa bungwe la Ndola Native Welfare Association. Mu 1949 Muwamba yemweyo anakhala mmodzi mwa anthu akuda awiri oyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya Nyasaland. Ku migodi ya kopa nako kunawira. Mu 1935 anthu 6 anawomberedwa pa sitiraka ku Luanshya, mu 1940 anthu 17 anafa pa sitiraka ya ku Nkana, ndipo mu 1949 kunabadwa bungwe la ogwira ntchito m'migodi lotsogoleredwa ndi Lawrence Katilungu. Kadalie sanatsogolere masitiraka amenewa. Koma kwa anthu ngati agogo, dzina lake linali umboni woti wa kwathu anayesapo, mabwana n'kugonja. Akamalipira ndalama ya umembala pamwezi, ankati akutsata mapazi a mwana wa ku Chifira.

Ndalemba izi chifukwa ulendo uja sunathe. Pitani pa Kande kapena pa Chintheche tsiku limene basi ya ku Joni ikunyamuka, muone zikwama ndi misozi. Theka la anzanga a ku pulayimale ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ena m'magaladeni, ena m'mashopu. Pa WhatsApp amatiuza za bwana wodula malipiro podziwa kuti munthu alibe mapepala, ndi za mantha anthu akayamba kusaka alendo. Ambiri sadziwa kuti mumzinda womwewo, zaka zoposa 100 zapitazo, mlendo wochokera kumudzi kwawo anasonkhanitsa eni nthaka ndi obwera pansi pa bungwe limodzi. Sadziwanso kuti bungwelo linaphwasuka pamene atsogoleri anayamba kukanganirana mipando ndi ndalama, matenda omwe timawaona m'timagulu tathu ta maliro ndi ta banki mkhonde.

Ine ndayenda kangapo pakati pa Bandawe ndi Chintheche, ndipo sindinaonepo chikwangwani chouza mlendo kuti Kadalie anabadwira kuno. Akuluakulu a ku khonsolo ndi mafumu athu, iganizireni nkhaniyi. Inu amene muli ndi agogo a ku Kitwe, Mufulira kapena Luanshya amene akadali moyo, khalani nawo pansi sabata ino, tsegulani foni, muwajambule akufotokoza. Ine ndinachedwa, ndinangotsala ndi thiranki.