Michael Faraday, Mwana wa Wosula Zitsulo

Munthu akafika ku chipatala cha Mua thupi likuwotcha, amamubaya chala nadonthetsera magazi pa kachipangizo koyezera malungo. Mzere wofiira umene umaoneka pa zipangizo zambiri zotere ndi golide wosalala kuposa ufa. Amene anayamba kufufuza mozama golide wa mtunduwu anali Michael Faraday.

Faraday anabadwa pa 22 September 1791 pafupi ndi London. Bambo wake anali wosula zitsulo, ndipo chifukwa cha umphawi mnyamatayu sanapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yosoka mabuku, koma posokapo ankawawerenganso. M'chaka cha 1812 anakamvera maphunziro a katswiri wa sayansi, Humphry Davy, nalemba zonse zimene anamva, nazitumiza kwa mwini wake. Chaka chotsatira Davy anamtenga kukhala womthandiza ku Royal Institution.

Kumeneko, m'zaka za 1833 ndi 1834, anaonetsa kuti magetsi akamadutsa m'madzi osungunuliramo mankhwala, kuchuluka kwa mankhwala osinthika kumalingana ndi kuchuluka kwa magetsiwo. M'chaka cha 1857 anafotokoza za golide. Atathira phosphorus m'madzi osungunuliramo golide, madziwo anafiira. Iye anazindikira kuti golideyo wasanduka timibulu tating'onoting'ono timene makina oonera zazing'ono a nthawiyo sakanatha kuonetsa. Mabotolo ake akusungidwabe ku Royal Institution.

Masiku ano akatswiri amalumikiza nzeru ziwirizi. Amamata timibulu ta golide pa carbon, chinthu chimene chili m'makala ndi mu mtima wa pensulo. Carbon amadutsitsa magetsi bwino, pamene golide amagwira ziphe monga arsenic ndi mercury. Akaviika kachipangizoka m'madzi, kusintha kwa magetsi kumaulula kuchuluka kwa chiphe, ngakhale chikhale chochepetsetsa. Kwa anthu odalira madzi a pa mjigo, monga a ku Golomoti ndi Mtakataka, nzeru yotere ndi yofunika, pakuti chiphe cha m'madzi sichioneka ndi maso.

Faraday anamwalira pa 25 August 1867. Analibe digiri yophunzirira ku yunivesite; chuma chake chinali mabuku a eni ndi khama lolemba chilichonse chimene anaona.