Johannes Kepler, mwana wa msilikali amene anayeza chaka cha mapulaneti

Pa 15 Meyi 1618, mumzinda wa Linz ku Austria, Johannes Kepler anabwerera ku masamu amene anawataya miyezi iwiri m'mbuyomo powayesa olakwika. Tsikulo anazindikira kuti ganizo lake linali lolondola, kungoti anaphonya powerengera. Pa nthawiyi n'kuti atangoika mwana wake wamkazi m'manda, mayi ake akunenezedwa za ufiti, ndipo patangodutsa masiku asanu ndi atatu chipwirikiti chinabuka ku Prague, chomwe chinabala nkhondo ya zaka 30.

Kepler anabadwa pa 27 Disembala 1571 ku Weil der Stadt, m'dera lomwe lero ndi Germany. Bambo ake anali msilikali waganyu amene pomalizira anachoka pakhomo osabwereranso. Mayi ake, a Katharina, ankadziwa mankhwala azitsamba, ndipo ndi iwo amene anamutengera pamalo okwera kuti akaone nyenyezi ya mchira ya mu 1577. Nthomba inamugwira ali mwana n'kumuononga maso, kotero munthu amene anadzafotokoza kayendedwe ka zakumwamba sankaziona bwino yekha.

Ku yunivesite ya Tübingen ankafuna kudzakhala mbusa wa mpingo wa Lutheran. Kumeneko mphunzitsi wake, Michael Maestlin, anamuululira ganizo la Copernicus lakuti dziko lapansi ndi limene limazungulira dzuwa. Ubusa sunatheke. Mu 1594 anamutumiza kukaphunzitsa masamu ku Graz, ndipo mu 1600, Aprotestanti akuthamangitsidwa mumzindawo, anakagwira ntchito kwa Tycho Brahe ku Prague.

Brahe anali ndi chuma chimene Kepler analibe: miyezo ya malo a mapulaneti yomwe anaisonkhanitsa kwa zaka zambiri popanda telesikopu, koma yolondola kuposa ya wina aliyense. Anali woumira nayo. Atamwalira mu 1601, Kepler analowa m'malo mwake ngati katswiri wa masamu wa Mfumu Rudolf II, ndipo miyezoyo inagwera m'manja mwake.

Pulaneti ya Mars inamudyera zaka. Anthu ophunzira onse ankakhulupirira kuti zakumwamba zimayenda m'njira zozungulira bwinobwino ngati mkombero. Kepler anapanga masamu pa maziko amenewo, ndipo yankho linasiyana ndi miyezo ya Brahe pang'ono zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwa mwezi monga timauonera. Wina akanati Brahe ndiye analakwitsa. Kepler anasankha kukhulupirira miyezoyo n'kutaya ntchito yakeyake, ndipo apa ndi pamene ukulu wake ukuonekera. M'buku la Astronomia Nova la mu 1609 analengeza kuti njira ya pulaneti ndi mkombero wophwatalala pang'ono, wotchedwa ellipse, komanso kuti pulaneti imathamanga ikayandikira dzuwa n'kuchedwa ikatalikira.

Zimene anapeza mu 1618 zinayankha funso lina: kodi mtunda wa pulaneti kuchokera kudzuwa umagwirizana bwanji ndi nthawi imene imatenga kuti izungulire kamodzi? Tikayeza mtunda potengera wa dziko lapansi, ndipo nthawi m'zaka zathu, lamulo lake ndi losavuta. Jupiter ili patali kuwirikiza 5.2 poyerekeza ndi dziko lathu. Tikachulukitsa 5.2 ndi 5.2, kenako ndi 5.2, timapeza pafupifupi 141. Nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yokha imapereka 141 ndi pafupifupi 11.9, ndipo zimenezi ndi zaka zimene Jupiter imatenga. Mars, yomwe ili pa 1.52, imatenga zaka 1.88, kapena kuti masiku 687. Lamuloli linasindikizidwa mu 1619 m'buku la Harmonices Mundi, litabisala pakati pa masamba ambiri okamba za nyimbo zimene iye ankati mapulaneti amaimba.

Chifukwa chake sanachidziwe. Ankaganiza kuti dzuwa lili ndi mphamvu yofanana ndi ya maginito imene imakankha mapulaneti. Isaac Newton ndi amene mu 1687 anaonetsa kuti lamuloli limachokera ku mphamvu yokoka, yomwe imachepa kanayi mtunda ukawirikiza kawiri. Newton anaonjezamo kulemera kwa nyenyezi: pulaneti yozungulira nyenyezi yolemera kanayi kuposa dzuwa, pa mtunda wofanana ndi wathu, ingamalize chaka chake m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndi masamu omwewa amene akatswiri amagwiritsa ntchito lero pa mapulaneti a nyenyezi zina, kuphatikizapo oposa 2,600 amene anapezeka ndi telesikopu ya NASA yotchedwa Kepler, yomwe inaulutsidwa mu 2009.

Mu 1620 mayi ake anamangidwa ali ndi zaka zoposa 70. Kepler anaika pambali ntchito yake n'kupita ku Württemberg kukawaimira pamlandu, ndipo analemba yekha chikalata chotsutsa maumboni onse. Nkhalambayo inakhala m'ndende miyezi 14, yomangidwa ndi unyolo. Anaionetsa zipangizo zozunzira anthu kuti ivomere ufiti, koma inakana. Inamasulidwa mu 1621 n'kumwalira chaka chotsatira.

Mu 1627 Kepler anasindikiza ku Ulm ndandanda ya malo a mapulaneti yotchedwa Rudolphine Tables, imene anayamba ndi Brahe. Boma la mfumu linali ndi ngongole yaikulu ya malipiro ake, ndipo mu 1630 anakwera hatchi kupita ku Regensburg kukailondola. Anadwala atangofika, n'kumwalira pa 15 Novembala, ali ndi zaka 58. Patapita zaka zochepa nkhondo inafafaniza manda amene anaikidwamo.

Asanamwalire anali atalosera kuti pa 7 Novembala 1631 pulaneti ya Mercury idzadutsa pamaso pa dzuwa. Tsikulo Pierre Gassendi anadikira ku Paris ndi telesikopu yake, ndipo anaona kadontho kakuda kakuyenda padzuwa.